TIWERENGE TISANAMWE: ZAKUMWA ZOWAWASA NDI MANKHWALA A M'MABOTOLO



Lero tikambirana za zinthu zimene timamwa pofuna kulimbitsa thupi. Masiku ano pa foni pamabwera mauthenga ambiri. Wina akuti imwani madzi a chipatso chakuti, nyamakazi ithe. Wina akuti gulani ufa wakuti, shuga atsike. Abale athu ochokera ku Joni nawonso nthawi zina amatitengera timabotolo ta mapilitsi opangidwa ndi zipatso. Munthu akadwala nthawi yaitali amagwira chilichonse, ndipo ndalama ya usipa wa mwezi wathunthu ikhoza kuthera pa botolo limodzi.

Mfundo yathu ndi imodzi. Madzi a zipatso ndi chakudya. Chakudya chimamanga thupi, koma sichilowa m'malo mwa mankhwala a kuchipatala, ndipo chikachuluka kapena chikakonzedwa mosasamala chimadwalitsa. Kuti timvetse bwino, tiyamba ndi chipatso chakutali chimene chatchuka pa malonda otere. Kenaka tibwerera kwathu, ku malambe, bwemba ndi chidede.

CHIPATSO CHOTCHEDWA CHERRY

Cherry wowawasa ndi kachipatso kofiira, kukula kwake ngati sau, ndipo kali ndi nthanga imodzi yolimba m'kati. Pa Chipwitikizi amati ginja. Kuno sikamera, chifukwa mtengo wake umafuna dziko lozizira kwambiri. Ku America amalima kwambiri m'dera la Michigan, m'mbali mwa nyanja yaikulu yonga yathuyi. Mtundu wotchuka kumeneko ndi Montmorency.

Chipatsochi amachigulitsa m'njira zitatu. Pali madzi ake a m'botolo. Pali madzi ake okhuthala, ofunika kusungunula usanamwe. Palinso ufa wake woikidwa m'timapilitsi. Ogulitsa amati chimagonetsa tulo, chimachotsa kuphwanya kwa thupi munthu akagwira ntchito yolemetsa, ndiponso chimathandiza nyamakazi ya mtundu wina imene imatupitsa chala chachikulu cha kuphazi.

Kodi ndi zoona? Tiyeni tione zimene ofufuza anapeza pa nyamakaziyo. M'chaka cha 2012, ofufuza a ku Boston analengeza zimene anaona mwa odwala 633. Amene anali atadya cherry masiku awiri apitawo sankadzukidwa ndi ululu kawirikawiri ngati anzawo. Nkhaniyo inafala dziko lonse. Koma m'chaka cha 2020, madokotala a ku New Zealand analengeza zawo. Anamwetsa odwala 50, ena madzi okhuthala a cherry, ena madzi ongofanana nawo, kwa masiku 28. Atayeza magazi, anapeza kuti chinthu chimene chimayambitsa nthendayo sichinatsike ayi.

Taonani tsono. Kafukufuku wina akuti mwina chimathandiza, wina akuti sichinasinthe kanthu. Wogulitsa amakuuzani za woyambayo, wachiwiriyo amamusiya. Ndi chifukwa chake m'chaka cha 2005 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linalembera makalata makampani 29. Linawachenjeza kuti aleke kunena kuti cherry ndi zipatso zina zimachiza matenda monga khansa ndi mtima. Kwawo komweko, kumene chipatsocho chimamera, boma silichiwerenga ngati mankhwala.

ZOVUTA ZIMENE CHIMABWERETSA

Munthu wabwinobwino akamwa kapu imodzi ya madzi a cherry, kawirikawiri palibe choopsa. Mavuto amayamba akamamwa kwambiri, kapena ngati ali kale ndi nthenda ina.

Choyamba ndi m'mimba. Mu cherry muli mtundu wa shuga wotchedwa sorbitol umene matumbo sautenga bwino. Umakokera madzi m'matumbo. Zotsatira zake ndi kudzadza kwa mimba, mphepo, kupotokola ndi kutsekula.

Chachiwiri ndi shuga. M'kapu imodzi ya madzi amenewa muli shuga wokwana masipuni ang'ono 6 kapena kupitirira, ngakhale wopanga asanathiremo wake. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, limene kuno timalitcha OMS, linalangiza m'chaka cha 2015 kuti munthu wamkulu asapitirire masipuni ang'ono 12 pa tsiku, ndipo kuti 6 ndiye bwino koposa. Kapu imodzi yokha yatha kale theka la muyezo. Kwa munthu wa matenda a shuga, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Chachitatu ndi mano. Kuwawasa kumafewetsa chikopa cholimba cha dzino, ndipo shuga amadyetsa tizilombo toboola mano.

Chachinayi ndi impso. M'chaka cha 2014, magazini ina ya madokotala a impso ku America inalemba za wodwala amene impso zake zinali zofooka kale. Iye ankamwa madzi okhuthala a cherry tsiku ndi tsiku, ndipo impsozo zinafookeratu mwadzidzidzi. Munthu mmodzi si anthu onse, koma nkhaniyi imatiphunzitsa kuti chinthu chokhuthala kapena choumitsidwa kukhala pilitsi chili ndi mphamvu yoposa chipatso chodyera pamanja.

Chachisanu ndi nthanga. M'kati mwa nthanga ya cherry muli chinthu chimene chimasanduka poizoni nthangayo ikaphwanyidwa ndi kutafunidwa. M'madzi a chipatsocho mulibe vuto limeneli, lili m'nthanga mokha. Poizoni ameneyu ife a kunyanja timamudziwa, chifukwa ndi wa mtundu umodzi ndi wa m'chinangwa chowawa. Nanga n'chifukwa chiyani amayi amaviika chinangwa masiku angapo, n'kuchiyanika, asanasinje ufa wa kondowole? Amachotsa poizoniyo. M'chaka cha 1981, m'chigawo cha Nampula munagwa chilala. Anthu anadya chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino chifukwa cha njala, ndipo anthu opitirira 1,000 anauma miyendo. Nthendayo anaitcha mantakassa. Choncho munthu akakuuzani kuti chinthu ichi n'chomera, sichingapweteke, mukumbutseni za chinangwa. Nachonso n'chomera.

ZIPATSO ZATHU ZOWAWASA

Tsopano tibwerere kwathu. Ifenso tili ndi zakumwa zowawasa, ndipo sitilipira ndalama zambiri kuti tizipeze.

Malambe ndi chipatso chabwino kwambiri. Mu ufa wake muli vitamini C wambiri. Vitamini ameneyu amathandiza mabala kupola, amalimbitsa nkhama, ndiponso amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'ndiwo zamasamba ndi nyemba, amene amawonjezera magazi. M'chaka cha 2008 maiko a ku Ulaya analola kuti ufa wa malambe uzigulitsidwa kwawo ngati chakudya. Lero azungu amaugula m'timapaketi pa mtengo wokwera, pamene ife timatola pansi pa mtengo. Tisanyoze chathu. Komabe malambe akachuluka amavuta m'mimba, ndipo madzi ake timakonda kuwathira shuga wambiri kuti aphe kuwawasa. Pamenepo ndi pamene pagona vuto.

Bwemba amafewetsa m'mimba. Munthu wodzimbidwa amathandizika naye. Koma munthu amene akutsekula kale, bwemba amamuwonjezera.

Chidede timadya masamba ake, ndipo maluwa ake ofiira amapanga chakumwa chokoma. Ofufuza anapeza kuti chakumwa chimenechi chimatsitsa pang'ono kuthamanga kwa magazi. Kutsitsa pang'ono si kuchiza. Ndiponso munthu amene akumwa kale mapilitsi a nthendayi, akamamwa chidede chambiri tsiku ndi tsiku, akhoza kumva chizungulire podzuka. Ayenera kuuza namwino kuti amamwa chidede.

Pali chinthu china chofunika kuchidziwa. Zakumwa zowawasa zimatha kusintha kayendedwe ka mankhwala m'thupi. M'chaka cha 1994, ofufuza a ku Sudan anapeza kuti munthu akamwera chloroquine madzi a bwemba, a chidede kapena a mandimu, mankhwala olowa m'magazi amachepa kwambiri. Achikulire mukukumbukira chloroquine, mankhwala owawa a malungo a kale aja. Masiku ano malungo timachiza ndi Coartem, koma phunziro lija likadali lomwelo: mankhwala timwere madzi oyera. Coartem amagwira bwino munthu akadyako chakudya cha mafuta pang'ono, monga phala la nsinjiro kapena mkaka. Zimenezi namwino amatiuza, ndipo tizitsata.

MADZI AMENE TIMASUNGUNULIRA

Kuno kwathu choopsa chachikulu m'kapu ya malambe si malambewo. Ndi madzi.

Pa 14 September 2022, wodwala kolera woyamba wa mliri umene unadzafalikira m'zigawo zambiri za Mozambique anapezeka m'boma lathu lino la Lago. Tsidya la nyanja, ku Malawi, mliriwo unali utayamba kale mu March chaka chomwecho, ndipo unapha anthu opitirira 1,700. Kolera amayenda ndi madzi ndi chakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Madzi a m'nyanja amaoneka oyera, mpaka kuona mchenga pansi. Koma m'mphepete momwemo timachapa, timasamba, timatsuka nsomba, ndipo mvula imakokololera zonyansa za kumtunda. Kachilombo ka kolera sikaoneka ndi maso.

Tsono pokonza madzi a malambe, bwemba kapena chidede, tichite izi:

Tisambe m'manja ndi sopo tisanagwire chipatso.

Tigwiritse ntchito madzi owiritsa mpaka kubwata, kapena othira Certeza. Muyezo wake walembedwa pa botolo. Tikathira tidikire mphindi 30.

Ndowa, sefa ndi makapu zikhale zotsuka ndi madzi otetezedwa omwewo.

Tivundikire kuti ntchentche zisaterepo.

Tikonze zokwanira tsiku limodzi. Kuno kumatentha, ndipo chakumwa chogona chimasasa.

Timajumbo ta malambe oziziritsa timene ana amagula pamsika ndi pasukulu tifunenso kudziwa kuti anapangira madzi anji. Kuzizira sikupha tizilombo tonse, ndipo tisadalire kuwawasa kuti kutiteteza. Inu amayi amene mumagulitsa, malonda anu ndi abwino ndipo amathandiza pakhomo. Madzi otetezedwa ndiwo adzasunga ana a anzanu ndi mbiri ya malonda anu.

Ufa umene timapangira zakumwa nawonso ukhale wouma, wopanda nkhungu ndi fungo. Mu January 2015, ku Chitima m'chigawo cha Tete, anthu 75 anamwalira atamwa pombe pa maliro. Poyamba kunamveka mphekesera yoti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Koma atayeza bwino anapeza kuti poizoniyo anachokera ku tizilombo timene tinamera mu ufa wa chimanga umene unanyowa n'kuwonongeka. Poizoni wotere saphedwa ndi moto. Ufa uliwonse ukanyowa n'kuyamba kununkha, kaya wa chimanga, wa chinangwa kapena wa malambe, titaye. Kutaya ufa n'kopweteka, koma sikufanana ndi kukumba manda.

AMENE AYENERA KUSAMALA KOPOSA

Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha. Asapatsidwe madzi a chipatso chilichonse, ngakhale madzi akumwa. Akapitirira miyezi 6, mpatseni chipatso chofinya kapena chosakaniza m'phala, monga nthochi, papaya ndi mango. Madzi a zipatso othira shuga amadzaza kamimba, mwana n'kukana phala.

Mwana kapena wamkulu wotsekula m'mimba asapatsidwe madzi a zipatso otsekemera kwambiri, chifukwa shuga wochuluka amawonjezera kutsekula. Apatsidwe madzi a mchere ndi shuga a m'paketi ya kuchipatala, imene yalembedwa SRO. Paketi ikasowa, tengani lita imodzi ya madzi otetezedwa, masipuni ang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Azimwa pang'onopang'ono muli pa ulendo wa kuchipatala. Chimbudzi chikakhala ngati madzi otsukira mpunga, musadikire kuti kuche.

Mayi woyembekezera akhoza kudya zipatso monga mwa masiku onse. Koma asamwe ufa kapena mapilitsi ogula kwa anthu oyendayenda. Mapilitsi ake ndi a sal ferroso amene amalandira ku sikelo.

Munthu wa matenda a shuga adye chipatso chenicheni pang'ono, osati kumwa madzi ake othira shuga.

Munthu wa vuto la impso, kapena wotupa miyendo ndi nkhope, asamwe zinthu zokhuthala ndi za ufa asanafunse kuchipatala. Impso zofooka zimalephera kutulutsa michere ina ya m'zipatso, ndipo ikachuluka m'magazi imasokoneza mtima.

Munthu wa zilonda za m'mimba kapena kutentha pa chifuwa achepetse zowawasa, makamaka asanadye kanthu.

Tsopano mawu aakulu kwa anzathu amene akumwa ma ARV, mankhwala a chifuwa chachikulu, a khunyu, a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Musaleke mankhwala anu chifukwa cha botolo la zipatso. Munthu akaleka ma ARV, kachilombo kamachulukanso m'magazi, ndipo kakhoza kuzolowera mankhwalawo n'kuleka kuwamva. Akaleka a chifuwa chachikulu asanathe miyezi 6, nthendayo imabwerera ili yovuta kuchiza, ndipo amapatsira a m'nyumba mwake. Wogulitsa amene akukuuzani kuti tayani mapilitsi a kuchipatala, tsiku lodwala inu sadzakhalapo. Adzakunyamulani pa bwato kupita ku Metangula ndi abale anu.

Pomaliza, pali anthu ena amene thupi lawo limadana ndi chipatso china. Mukamwa chinthu chachilendo, milomo n'kutupa, thupi n'kuchita zidzolo zoyabwa, kapena mpweya n'kuyamba kubanika, lekani pomwepo ndipo thamangirani kuchipatala. Tengani botolo lija kuti namwino aone.

TIWERENGE BOTOLO

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kutsogolo kwa botolo amajambula zipatso zokongola ndi munthu womwetulira. Zoona zake amazilemba kumbuyo, m'zilembo zing'onozing'ono. Apa ndi pamene kuwerenga kwathu kumagwira ntchito. Tiyeni tiphunzire mawu asanu a Chipwitikizi, tiwalembe m'makope mwathu.

INGREDIENTES. Awa ndi mndandanda wa zimene zili m'kati. Choyamba kulembedwa ndicho chochuluka. Mukaona água ndi açúcar poyamba, chipatso kumapeto, dziwani kuti mukugula madzi a shuga.

AÇÚCAR. Ndiye shuga. Onani nambala ya magalamu. Magalamu 4 ndi sipuni yaing'ono imodzi. Botolo likalembedwa magalamu 40, m'menemo muli masipuni 10.

VALIDADE. Ndilo tsiku lothera mphamvu. Katundu wochokera ku Malawi kapena ku South Africa amalemba Best before kapena EXP. Tsiku likadutsa, kapena ngati lafufutidwa, musagule.

MODO DE USAR. Ndiko kamwedwe kake. Musapitirire muyezo poganiza kuti muchira msanga. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

SUPLEMENTO ALIMENTAR. Mawu awa akutanthauza chowonjezera pa chakudya. Mwini wake wavomera yekha kuti si mankhwala. Mankhwala enieni amayesedwa pa anthu ambiri asanaloledwe, ndipo m'dziko muno bungwe la ANARME ndilo limawayang'anira. Zowonjezera pa chakudya m'maiko ambiri siziyesedwa chotero. Ku America komwe, lamulo la 1994 limalola kuzigulitsa boma lisanatsimikize kuti zimagwira ntchito.

Tionenso ngati pali dzina la wopanga ndi kumene ali, ndiponso ngati chitsekerero sichinatsegulidwepo. Ufa wa m'kajumbo kopanda dzina sitingadziwe chimene asakanizamo. Ndipo botolo limodzi likamati limachiza shuga, khansa, nyamakazi, kusabereka ndi Edzi, libwezeni. Palibe mankhwala amodzi ochiza zonse.

TIWERENGERE NDALAMA

Tisanagule, tifunse: ndalama imeneyi ingagule chiyani china? Thupi limamangidwa ndi zimene timadya tsiku ndi tsiku. Usipa wodya ndi minga yomwe umalimbitsa mafupa. Utaka ndi kampango zimamanga minofu. Chigwada, nkhwani ndi bonongwe zothira nsinjiro zimawonjezera magazi. Mango, papaya ndi mbatata yofiira m'kati zimateteza maso. Kapu ya malambe yokonzedwa ndi madzi owiritsa, shuga pang'ono, yomwera pa chakudya, ndi yabwino kwa banja lonse. Tikamwa, tichukuche m'kamwa ndi madzi kuti mano asavutike. Zonsezi zili pakhomo pathu ndi pa gombe pathu.

Ngati m'bale wakutumizirani botolo kuchokera kutali, wachita mwa chikondi, muthokozeni. Koma musanayambe kumwa, liwerengeni. Pamene pakuvutani, bwerani nalo kuno tiwerengere limodzi, ndipo kenaka mukalionetse kwa namwino pamodzi ndi mankhwala amene mukumwa kale. Safunsa anadya phula.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Tchulani zovuta zitatu zimene madzi a cherry angabweretse munthu akamwa kwambiri.

2. Kodi chinangwa chowawa chikutiphunzitsa chiyani pa mawu akuti "chomera sichipweteka"?

3. Madzi opangira malambe m'mudzi mwathu amatungidwa kuti? Tingawateteze bwanji?

4. Botolo lalembedwa kuti muli shuga magalamu 24. Ndi masipuni ang'ono angati?

5. Mnansi wanu akufuna kuleka ma ARV kuti azimwa ufa wogula. Mungamuuze chiyani?

NTCHITO YA KUNYUMBA

Aliyense apeze botolo kapena paketi yopanda kanthu. Akopere m'kope mwake tsiku la validade ndi mawu atatu oyamba a pa ingredientes. Pa phunziro likudzali tidzawerenga mokweza, mmodzimmodzi, ndipo tidzawerengera masipuni a shuga pa bolodi.

 Mukafika kunyumba, mukafotokozere amene sanabwere.